Matenda Opatsirana Pogonana: Kupola kwa Chilonda Si Kutha kwa Nthenda

Mwanza ali pa mseu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Tete ndi ku Zimbabwe kudzera pa chipata cha Zobue. Kumene anthu ambiri amagona kutali ndi mabanja awo, matenda opatsirana pogonana amafala msanga, ndipo sathera pa tauni pokha. Amafika ndi m'midzi momwe.

CHINDOKO chimayamba ndi kachilonda kosapweteka kumalo obisika, patapita masabata ngati 3 chigonere ndi wodwala. Kachilondako kamapola kokha, koma tizilombo timatsala m'magazi. Pambuyo pake pamatuluka zotupa, ngakhale m'zikhato ndi kumapazi. Mayi wapakati akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wakufa. N'chifukwa chake ku sikelo amayeza magazi. Jekeseni ya penisilini imachiza nthendayi.

CHIZONONO chimaonekera msanga mwa abambo: mafinya ndi kuwotcha pokodza pakangopita masiku ochepa. Amayi ambiri samva kanthu, koma nthendayo imatseka njira za mazira, ndipo kubereka kumavuta. Pobadwa, mwana akhoza kutenga mafinya m'maso mpaka kuchita khungu.

Zilonda ndi mafinya zimatsegulira khomo kachilombo ka HIV, kamene kadapezeka m'Malaŵi muno m'chaka cha 1985. Mankhwala a ARV, amene adayamba kuperekedwa ulere mu 2004, amakafooketsa koma sakachotsa m'thupi.

Pofuna kudziteteza, munthu ayenera:

1. Kudziletsa, kapena kukhulupirika kwa mnzake mmodzi amene adayezetsa naye limodzi.
2. Kugwiritsa ntchito kondomu yatsopano nthawi iliyonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.
3. Kufulumira ku chipatala akaona chilonda, mafinya, chikazi chachilendo, mabomu kapena kupweteka m'munsi mwa mchombo.
4. Kupewa makapusolo a pamsika, pakuti amaziziritsa zizindikiro ndi kulimbitsa tizilombo.
5. Kumaliza mankhwala onse ndi kusagonana kufikira iye ndi mnzake atachira.

Wogwiriridwa afike ku chipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Mwamuna akalandira mankhwala yekha nabisira mkazi wake, nthendayo imam'dikira kunyumba, ndipo adzaitenganso. Choncho onse awiri ayenera kupita pamodzi ku chipatala cha boma cha Mwanza kapena ku chipatala chaching'ono cha kufupi. Thandizo ndi laulere, ndipo za wodwala zimasungidwa mwachinsinsi.