Kuchoka ku Lago kukaphunzira za makina oyenda okha ku Malawi

Ngati munaonapo kabokosi ka sola kakudula moto kokha batire ikadzaza, mwaona kale chiyambi cha maphunziro awa. Kamayeza mphamvu n'kutseka popanda dzanja la munthu. Nzeru yomweyo, ikakula, ndiyo imayendetsa malamba ndi mapampu m'mafakitale a shuga ngati a ku Nchalo ndi Dwangwa. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Metangula, Messumba kapena Cóbuè angathe kuiphunzira kutsidya kwa nyanja, bola ayambe kukonzeka chaka chathunthu ulendo usanafike.

1. Sankhani sukulu. MUST ya ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, imaphunzitsa Manufacturing Engineering. MUBAS ya ku Blantyre, yomwe inkadziwika kuti Polytechnic mpaka 2021, ili ndi maphunziro a zamagetsi ndi zamakina. Alembereni, muwafunse ngati ophunzira amagwira ndi manja awo PLC, kakompyuta kolamula makina, komanso ngati amatumizidwa kufakitale kukazolowera ntchito.

2. Limbikirani masamu ndi fizikisi mpaka kalasi 12. Izi zikafooka, zina zonse zagwa.

3. Gwirani Chingerezi msanga. Chinyanja chathu chidzakugulirani ndiwo pamsika wa Limbe, ndipo palibe adzakuyeseni mlendo. Koma m'kalasi mulibe Chipwitikizi, ndipo mayeso onse ndi a m'Chingerezi. Mverani nkhani za pa wailesi za ku Malawi tsiku ndi tsiku. Gulaninso kope: mawu alionse a sayansi muwalembe m'Chipwitikizi kumanzere, m'Chingerezi kumanja.

4. Konzani mapepala. Satifiketi yanu imasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka, kenako iunikidwe kuti ikufanana ndi iti ya ku Malawi. Pasipoti mukafunsire ku SENAMI ku Lichinga. Apa tsegulani maso: kalembedwe ka Chipwitikizi kamasintha mayina athu. Pepala lina likati Muale, lina Mwale, kuofesi adzati ndi anthu awiri. Dzina likhale limodzi paliponse, monga lilili pa pasipoti. Kalata yokulandirani kusukulu ikafika, pemphani chilolezo cha wophunzira ku Immigration ya Malawi.

5. Werengani ndalama mosabisa. Funsani za thandizo ku Instituto de Bolsas de Estudo. Pangano la SADC la zamaphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limalimbikitsa kuti ophunzira a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko, koma sukulu iliyonse ili ndi mitengo yake. Choncho ikulembereni pakalata fizi yanu yeniyeni. Onjezanipo malo ogona, chakudya, laputopu, ndi zomwe zimatayika posintha meticais kukhala makwacha. Walira mvula walira matope.

6. Dutsani pachipata chovomerezeka. Njira ya pamtunda ndi ya Lichinga, Mandimba, Chiponde mpaka Mangochi. Ya panyanja ndi boti la ku Cóbuè kupita ku Likoma, n'kukakwera sitima ya Ilala. Tinazolowera kuwoloka ngati tikukaona azakhali, koma ulendo uno pasipoti idindidwe potuluka ndi polowa pomwe. Mapepala muwakulunge mupulasitiki kawiri, poti mwera ukayamba madzi amalowa m'boti.

Mukafika, musaope kuda manja. Amene anamasulapo injini ya boti kapena mota ya chigayo ali kale patsogolo pa anzake odziwa za m'buku zokha. Ndipo pophunzira za masensa oyeza kutentha ndi chinyontho, kumbukirani usipa umene umaola pathandala mvula ikagwa masiku atatu. Choumitsira nsomba chodziyang'anira chokha, kapena makina a ayezi oyendera dzuwa pagombe la Metangula, akudikira munthu wodziwa nyanjayi ndi mawaya omwe.