Nthawi Yolembedwa m'Mafayilo a Pulogalamu: Mafunso ndi Mayankho

Kodi kumanga pulogalamu mobwerezeka n'kutani?

Pulogalamu imayamba ngati malemba amene munthu angathe kuwerenga, otchedwa source code, ndipo chida chotchedwa compiler chimawasandutsa mafayilo amene kompyuta imayendetsa. Ntchito imeneyi ndiyo kumanga, ndipo imakhala yobwerezeka pamene anthu awiri, pa makompyuta osiyana ndi masiku osiyana, atenga malemba amodzimodzi n'kutulutsa mafayilo osasiyana ngakhale pang'ono. Ndi pokhapo pamene wogwiritsa ntchito angatsimikize kuti palibe analowetsamo chinthu mobisa, ndipo n'chifukwa chake gulu la opanga mapulogalamu la Debian linayamba kulimbikira ntchitoyi mu 2013.

Nanga nthawi imasokoneza bwanji?

Zida zambiri zimayang'ana wotchi ya kompyuta n'kulemba ola limenelo m'kati mwa zimene zapanga. M'chinenero cha C, __DATE__ ndi __TIME__ zimalowetsa tsiku ndi ola lomangira mu pulogalamu, pomwe zida zomangira mafayilo pamodzi kapena kuwapanikiza, monga tar, gzip ndi zip, zimasunga nthawi imene fayilo inasinthidwa komaliza. Kusiyana kwa sekondi imodzi n'kokwanira kuti mafayilo awiri asafanane, ndipo choopsa n'chakuti kusiyana kosalakwa kumeneku kumaphimba kusiyana kwa chiwembu.

Vutoli limathetsedwa motani?

Mu 2015 gulu la Reproducible Builds linafalitsa ndondomeko ya SOURCE_DATE_EPOCH, dzina limene womanga amalipatsa nambala ya masekondi owerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC. Chida chotsatira ndondomekoyi, monga compiler ya GCC kuyambira mtundu wa 7, chikapeza nambalayo chimasiya wotchi n'kulemba nthawi yopatsidwayo. Mfundo yaikulu ndi yakuti nthawiyo ichokere m'malemba enieniwo: Debian imaitenga pa zolembedwa zatsopano kwambiri mu debian/changelog, pomwe ogwiritsa ntchito Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa malemba, amaitenga pa kusintha komaliza kumene kunasungidwa, kudzera mu lamulo la git log -1 --pretty=%ct. Motero aliyense wokhala ndi malembawo amapeza nambala yomweyo ngakhale papite zaka khumi.

Bwanji osangolemba ziro paliponse?

Ziro amabwerezekadi, koma amatanthauza 1970, chaka chimene mafayilo a ZIP sangathe kusunga popeza masiku awo amayambira mu 1980. Kuwonjezera apo, tsiku lolembedwa pa buku la malangizo limauza wowerenga msinkhu wa pulogalamuyo, ndipo si nzeru kulitaya. Njira yabwino ndiyo kuika malire, kutanthauza kuti fayilo yakale imasunga nthawi yake pomwe yopangidwa pomanga imabwezeredwa ku nthawi ya SOURCE_DATE_EPOCH. Mu GNU tar zimenezi zimachitika pophatikiza --mtime ndi --clamp-mtime.

Kodi dera limene kompyuta ili limasintha kanthu?

Limasintha, chifukwa sekondi yomweyo ingakhale Lolemba ku Tokyo pomwe ku London kukadali Lamlungu, choncho womanga ayenera kuika TZ=UTC. Mafayilo akasiyanabe, chida cha diffoscope chimawatsegula onse awiri n'kuonetsa malo enieni amene asiyanira.