PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUWERENGA THAMBO LA KASUNGU

Alimi anzanga, pa khoma la chipinda chimene tisonkhanamo pali kalendala ya zithunzi 12. Wojambula anaima pamalo amodzi mwezi ndi mwezi, nayang'ana Phiri la Kasungu, najambula. Phiri ndi lomwelo, nyumba za m'tauni ndi zomwezo, koma thambo ndi mitengo zisintha pa tsamba liri lonse. Onse olowamo atama kukongola kwache, ndipo sanama ai. Koma pamene ndinali kuphunzira uphunzitsi, anatiuza kuti chithunzi chopachika pa khoma chiyenera kufunsidwa mafunso. Tsono tiyeni tiifunse kalendalayi.

Manambala olembedwa m'munsi atiuza tsiku. Koma chimene chiuza mlimi nchito yache ndicho thambo, mphepo ndi nthaka.

1. CHILIMWE (Ogasiti kufikira Novembala)

Pa zithunzi za Sepitembala ndi Okutobala phiri lioneka mwa chizirezire chifukwa cha fumbi ndi utsi wa moto wa m'thengo. Dzuwa lilowa lofiira ngati khala la moto. Mitengo ya m'thengo iphuka masamba ofiira mvula isanagwe, ndipo nyenje zilira usana wonse. Iyi ndiyo nyengo yolima mizere ndi kukwirira mapesi, osati kuwatentha. Nazale ya fodya ifesedwa mu Sepitembala. Ithirireni m'mawa ndi madzulo, koma pa milungu yotsiriza chepetsani madzi kuti mbande zikhwime, zingakafote pooka.

Penyetsetsani chithunzi cha Okutobala. Pamwamba pa phiri pali mtambo umodzi wakuda. Umenewo ndiwo ubweretsa chizimalupsa, mvula imene izima lupsa ndi kugonetsa fumbi, koma si mvula yobzalira. Ine ndemwe unandinyengapo. Chaka changa choyamba pa nchito ino ndinabzala munda wachitsanzo pa mvula yotere, ndipo mabanja ena ananditsata. Chimanga chinamera bwino, koma dzuwa linaomba milungu itatu, ndipo chonse chinapsa. Tinagula mbeu kawiri, ndipo mai wina wamasiye analephera kugulanso. Manyazi a chaka chimenecho sindinawaiwale. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

2. DZINJA (Disembala kufikira Malichi)

Mphepo ikatembenuka, niyamba kuchokera kumpoto, ibwera ndi chinyontho cha ku nkhalango za Congo. Mitambo iunjikana masana, mabingu agunda, ndipo inswa zituluka m'zulu. Kuno kwathu mvula yobzalira igwa kawirikawiri pakati pa kutha kwa Novembala ndi pakati pa Disembala, koma tsiku lache silikhala limodzi chaka ndi chaka. Muiyese motere:

(a) Tengani chitini choongoka m'mbali, chotseguka kukamwa konse, muchiike pa mtengo wozika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo.

(b) M'mawa muli monse yesani madzi ndi rula, mulembe, ndi kuwataya.

(c) Madzi akafika mamilimita 25, ndiyo inchi imodzi, pa tsiku limodzi kapena awiri, kumbani pa mzere. Ngati chinyontho chalowa kupitirira utali wa chikhato chanu, bzalani tsiku lomwelo, ndipo muoke fodya.

Pamenepo musazengerezenso, pakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Chimanga chobzala mochedwa chichepa zokolola ngakhale muchithire feteleza wambiri. Mizere italikirane masentimita 75, mbeu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25. Palirani milungu itatu isanathe, ndipo feteleza wobereketsa athiridwe nthaka iri yonyowa.

Pa chithunzi cha Januwale zonse ziri zobiriwira, koma mtengo umodzi uli wopanda masamba, ngati wouma. Umenewo ndi msangu. Uyoyola masamba m'dzinja ndi kuphukanso m'chilimwe. Chotero suphimba chimanga ndi mthunzi, ndipo masamba ache adyetsa nthaka. Amene ali nao m'munda asaudule.

Chithunzi cha Febuluwale chiri ndi utawaleza, koma mwezi umenewu uli ndi zoopsya zache. Matalala ang'amba masamba a fodya kanthawi kochepa. Ng'amba ikhoza kugwa pamene chimanga chiri kuchita ngayaye, ndiyo nthawi imene chifuna madzi koposa. Ndiponso kuyambira dzinja la 2016 ndi 2017 m'minda mwathu muli mbozi za nchemberezandonda. Yang'anani m'mitima ya chimanga kawiri pa mlungu kuyambira chiri chaching'ono.

3. MASIKA (Epulo ndi Meyi)

Thambo liyera, timitambo toyera tiyenda m'mwamba, ndipo mame agwa ambiri. Dulani chimanga ndi kuimika mikukwe, koma musachilonge chisanaumitsitse, chingachite chuku. Fodya musankheni m'mamawa, mpweya ukali wonyowa ndi tsamba liri lofewa; masana lifumbutuka m'manja, ndipo ku msika wa Chinkhoma fodya wofumbutuka sagulidwa bwino. Mukatha kuthyola, zulani mitengo yonse ya fodya, kuti matenda ndi nsabwe zisapeze pogonera kufikira chaka cha mawa.

4. CHISANU (Juni ndi Julayi)

Mwera uomba kuchokera kum'mwera cha kum'mawa. Usiku nyenyezi zioneka zambiri, ndipo m'madambo muzizira kolimba. Anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje alandira mvula yowaza ya chiperoni, koma kuno ifika kamodzikamodzi. Ino ndi nthawi ya kudimba, yopanga manyowa ndi yokonza zigafa.

CHIMENE KALENDALA SITIUZA

Zithunzi izi ndi za chaka chimodzi chokha, chaka chabwino. Zaka zina thambo silitsata tsamba lache. Njala ya 2002, imene inasautsa boma lino la Kasungu kwambiri, inadza pambuyo pa mvula yochuluka imene inaononga minda mu 2001. Mu 2024 ng'amba inagwa mu Febuluwale, ndipo mu Malichi Boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Chifukwa chache mverani pa wailesi ulosi wa a zanyengo dzinja lisanayambe. Akanena kuti mvula idzachepa, bzalani chimanga chocha msanga, ndipo gawo lina la munda likhale la mtedza, mbatata kapena chinangwa.

NCHITO YOTI MUCHITE

Gulani kope limodzi. Tsiku liri lonse la mvula lembani madzi a m'chitini. Lembaninso tsiku lobzala, lopalira ndi lokolola, ndi matumba amene mwapeza. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akuthandizeni. Pakapita zaka zitatu kapena zinai mudzakhala ndi kalendala ya munda wanu, ndipo idzakulangizani koposa ine.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO

1. Kodi chizimalupsa tichisiyanitsa bwanji ndi mvula yobzalira?

2. Nchifukwa ninji msangu suyenera kudulidwa m'munda?

3. Kodi m'mudzi mwanu munabzala liti chaka chatha, ndipo amene anachedwa anakolola zotani?

Mubwere ndi zitini zanu ndi makope anu pa msonkhano wa mwezi wa mawa, kuti tidzaphunzire pamodzi kuyesa madzi ndi rula.

Ine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi