Msodzi Wosamuka ndi Zipangizo Zake

Munthu wosamukira ku dziko lina sangathe kusenza zonse ali nazo. Mlimi asiya munda ndi nkhokwe, natenga khasu ndi mbewu pang'ono. Koma msodzi avutika mtima koposa, pakuti chuma chake chonse chili m'zipangizo zophera nsomba, ndipo zipangizozo zinakonzedwa molingana ndi madzi a kwawo ndi nsomba za m'madzi omwewo. Ukonde umene udyetsa mudzi wonse kuno ungasanduke mtolo wachabe kwa eni.

Phunziro ili linena za msodzi wa ku Nyanja ya Malawi, monga wa ku Nkhotakota kapena ku Salima, amene afuna kukakhala ku Nyanja ya Kariba, tsidya la Zambia. Njira yake idzera ku Lilongwe, ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Lusaka, kufikira ku Siavonga. Ndipo pa galimoto iliyonse adzalipira katundu monga mwa kukula ndi kulemera kwake. Chifukwa chake ayenera kuyamba wadziwa madzi amene apitako, asanamange mtolo.

Kariba ndi nyanja yopangidwa ndi anthu. Iwo anatseka mtsinje wa Zambezi ndi khoma lalikulu, limene linatha m'chaka cha 1959, ndipo madzi anakwera namiza chigwa cha Gwembe. Atonga a m'chigwamo, anthu ngati 57,000, anachotsedwa m'midzi yao. Atonga awa si amodzi ndi a ku Nkhata Bay, lingakhale dzina lili limodzi. Malo ena anagwetsa mitengo madzi asanafike, kuti asodzi adzaponyepo maukonde. Koma malo ambiri nkhalango inamira chiimire. Mitengo ya tsanya ndi yolimba, siola msanga, ndipo kufikira lero ina ioneka pamwamba pa madzi, youma ndi yotuwa, pamene ina ibisala pansi.

Tsono bwato litsala, ndipo pa ichi palibe makani. Ndi lolemera, ndipo mtengo wolinyamulira ungapose mtengo wa bwato lenilenilo. Nkhafi nayo angaseme kulikonse kuli mtengo, ngakhale asodzi ena aumirira kutenga imene dzanja lao linazolowera. Miono itsalanso, pakuti luso loluka mono lili m'zala za mwini, ndipo bango ndi nsungwi zimera m'maiko onse awiri.

Khoka ndiye apweteka mtima kulisiya. Ndi lalitali, linadya ndalama za zaka zambiri, ndipo mwini khoka alemekezedwa padooko. Koma khoka lifuna zinthu ziwiri: gombe la mchenga lopanda zokola, ndi anthu ambiri okoka zingwe mbali iyi ndi iyo. Ku Kariba zitsa za pansi pa madzi zingaling'ambe tsiku loyamba. Ndipo mlendo adzawapeza kuti amuna khumi omukokera, pamene alibe mbale ngakhale mmodzi? Kusenza khoka kunka nalo kumeneko ndiko kulipira ndalama kuti ukataye chuma chako patali.

Chilimila ndicho chinyenga ambiri. Msodzi amva kuti ku Kariba kuli kansomba kotchedwa kapenta, kakang'ono ngati usipa, kamene kasonkhana pa kuwala usiku monga achitira usipa, ndipo anena mumtima mwake kuti chilimila ndi nyali zake zidzamthandiza. Koma kapenta si usipa. Ndi mtundu wina, wosapezeka m'Nyanja ya Malawi. Anautenga ku Nyanja ya Tanganyika naupititsa ku Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo unaswana kwambiri. Kuphedwa kwake nkwina. Asodzi apita usiku pa chombo chachitsulo chokhala ndi injini, natsitsa m'madzi ukonde womangidwa pa mkombero waukulu wozungulira, nayatsa magetsi. Nsomba zikasonkhana, akweza ukondewo ndi chopukusa. Zombo zotere zili ndi eni ake ndi zikalata zao za boma. Mlendo wofuna kapenta ayamba ndi kulembedwa ntchito pa chombo cha wina, ndipo mwini chombo safunsa za chilimila. Chimene afuna ndi munthu wosaopa mafunde, wosagona usiku, wodziwa kusoka ukonde ndi kuyanika nsomba. Izi msodzi wa ku Malawi ali nazo kale, ndipo sazilipirira pa galimoto.

Matchera ali pakati. Ku Kariba anthu atchera maukonde otere ndithu, napha nsomba za mtundu wa chambo ndi zina zambiri. Koma dziko lililonse lili ndi lamulo lake la kukula kwa maso a ukonde, ndipo palibe aloledwa kutchera wopanda chiphaso. Ukonde wa maso aang'ono ungalandidwe, mwini nalipitsidwa. Ndipo kwa mlendo mlandu wotere ndi woopsa, popeza ungamtayitse ndi malo omwe. Motero wanzeru atumiza mau kwa wina wokhala komweko, nafunsa muyeso wololedwa, nasankha matchera awiri kapena atatu atsopano ogwirizana nao. Achotsa miyala ndi zoyandamitsa, pakuti izo zipezeka ponseponse, napinda ukonde wokhawokha. Ukonde wa udzudzu asauganizire nkomwe: upha ana a nsomba, ndipo uletsedwa kuno ndi uko.

Zinthu zoyenera kutenga koposa zonse ndizo zazing'ono zimene mwana angazinyoze. Mbedza zana limodzi zilowa m'kachitini ka m'thumba, ndipo munthu wokhala ndi mbedza ndi chingwe sagona ndi njala pafupi ndi madzi. Atenge zazikulu ndi zazing'ono, pakuti zimene anaphera kampango ndi bombe zidzagwiranso milamba ya m'Zambezi. Komatu aonjezepo waya. M'Zambezi muli nsomba ya mano akuthwa ngati minga, imene Azungu aitcha tigerfish. Iyo ipezeka m'Shire wa kumunsi, koma m'Nyanja ya Malawi mulibe, chifukwa mathithi a pakati pa Shire aitsekera njira. Msodzi wa kunyanja, wosaidziwa, adzaona chingwe chake chaduka ngati chadulidwa ndi lumo, mbedza itapita. Koma akamanga kawaya kotalika ngati chikhato pakati pa mbedza ndi chingwe, mano aja alephera. Nsomba yomweyo iboola matchera, ndipo ng'ona, zimene zichuluka ku Kariba, zing'amba maukonde pofuna nsomba zokodwa. Chifukwa chake singano yosokera ukonde, ulusi wake ndi mpeni wabwino zisatsale. Makolo akale analuka maukonde ao ndi luzi la bwazi ndi chopwa, ndipo aliyense anadziwa kukonza chong'ambika. Wa lero agula ukonde wa nayiloni m'sitolo, koma akapanda kudziwa kusoka adzagulanso mwezi uliwonse.

Zonse zotenga azitsuke bwino ndi kuziyanika padzuwa kufikira ziume gwa. Ukonde wonyowa unyamula tizidutswa ta zomera za m'madzi, monga namasupuni, ndi matenda a nsomba. Anthu a ku Kariba adziwa kuipa kwa ichi, pakuti nyanja itangodzala, chomera chachilendo chotchedwa Salvinia, chochokera ku South America, chinaphimba madzi ambiri nichisautsa mabwato.

Utsala mlandu wa zosiyidwa. Kugulitsa khoka ndi chilimila kupatsa ndalama za ulendo. Koma ogula adziwa kuti mwini ali pa liwiro, ndipo atchula mtengo wochepa. Ndiponso ukondewo sunadyetse mwini yekha: okoka analandirapo gawo lao, amayi anagulapo nsomba zokagulitsa, ndi ana othandiza padooko anapita kwao ndi ndiwo. Kuusunga m'nyumba sikuthandiza, popeza makoswe aubooleza, ndipo mwini pobwera apeza nsanza. Chabwino ndi kuusiya m'manja mwa mbale wodziwa ntchito, mng'ono kapena mphwake, kuti upitirire kulowa m'madzi. Koma apangane poyera, pamaso pa nyakwawa ndi akulu a banja, kuti ukondewo waperekedwa kapena wabwerekedwa, kuti adzagula ulusi wokonzera ndani, ndi kuti gawo la mkazi ndi ana otsala lidzakhala lotani pa nsomba zophedwa. Mauwo alembedwe pa mapepala awiri. Lina litsale kwa nyakwawa, lina mwini alipinde nalisunge pamodzi ndi kachitini ka mbedza.