Kuika Khadi ya Wi-Fi mu Kompyuta ya Patebulo: Malangizo kwa Anthu a ku Tsangano ndi ku Macanga

Kapepala aka ndi ka inu amene muli ndi kompyuta ya patebulo, ija ya bokosi pake, sikirini pake ndi kiyibodi pake, kaya ili mu ofesi ya sukulu, ya bungwe la alimi, ya mpingo, kapena pa kashopu ka fotokope ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ku Ntengo-wa-Mbalame kapena pa boma pa Tsangano. Makompyuta ambiri otere anafika kuno atagwirapo kale ntchito kwina. Mayina ake ndi monga Dell OptiPlex, HP Compaq ndi Lenovo ThinkCentre, ndipo anawapangira maofesi a m'mizinda komwe intaneti imalowa pa chingwe. Bowo la chingwecho lilipo kumbuyo kwa bokosi, koma chingwe chake kuno sichinafike. Ife intaneti timaipeza kuchokera ku nsanja za Movitel, Vodacom ndi Tmcel. N'chifukwa chake mlembi amalemba mndandanda wa alimi a fodya kapena a kachewere pa kompyuta, n'kuuika pa fulashi, n'kuyamba kusakasaka wa laputopu woti amutumizire. Fulashiyo pobwerera imabwera ndi mavairasi a m'makompyuta onse omwe yalowamo.

Chimene khadi imachita

Khadi ya Wi-Fi ndi kabolodi kakang'ono, kosakwana chikhatho, kamene kamalowa m'kati mwa bokosi, tinyanga take tiwiri n'kutulukira kumbuyo. Ikalowa, kompyuta imatha kulumikizana ndi foni kapena rauta popanda chingwe.

Mvetsani ichi musanatulutse ndalama: khadiyi ilibe intaneti yakeyake. Simulowa SIM, ndipo siilankhula ndi nsanja ya Movitel kapena ya Vodacom. Ndi chidebe chotungira, chitsime n'china. Chitsimecho chikhoza kukhala foni yanu mutayatsa hotisipoti, rauta ya 4G yolowa SIM, kapena Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu 2023 ndipo rauta yake imagawanso pa Wi-Fi. Ngati pamalo panu foni imagwira netiweki pokhapokha mutakwera pachulu, khadi sidzasintha kanthu. Yambani mwathana ndi za netiweki, khadi ibwere pambuyo.

Tsegulani bokosi musanapite kukagula

Ulendo wa ku Tete kapena ku Ulónguè si woti muubwereze chifukwa cha kachitsulo kosalowa. Choncho zimitsani kompyuta, zulani pulagi, tsegulani chivindikiro cha m'mbali ndipo muyang'ane bolodi lalikulu, chakumunsi, kufupi ndi kumbuyo kwa bokosi. Muona timipata tooneka ngati ngalande. Kakafupi kwambiri, ka masentimita awiri ndi theka, ndi PCI Express x1, ndipo makhadi ambiri a Wi-Fi a masiku ano amalowa pamenepo. Mpata wautali, wa masentimita pafupifupi 9, kawirikawiri wokhala ndi kokowera kumapeto, ndi PCI Express x16. Khadi ya x1 imalowanso mmenemo n'kugwira bwinobwino, ngakhale mpata wina utsale. Pali mtundu wachitatu, wakale, umene nthawi zambiri umakhala woyera: umenewo ndi PCI chabe. Khadi ya PCI siilowa pa PCI Express, ya PCI Express siilowanso pa PCI. Mukakakamiza, chimathyoka ndi bolodi.

Yang'ananinso kunenepa kwa bokosi. Mabokosi oonda aja a m'maofesi amafuna kachitsulo kogwirira khadi kakafupi, ka masentimita pafupifupi 8, pomwe aakulu amafuna ka masentimita 12. Makhadi ambiri amabwera ndi tonse tiwiri m'katoni, koma si onse. Muuzeni wogulitsa atsegule katoni muone ndi maso anu. Chanzeru n'kujambula m'kati mwa kompyuta yanu ndi foni, pamodzi ndi chizindikiro cha dzina ndi nambala yake, n'kukamuonetsa.

Chotsiriza kufufuza ndi Windows imene ili mu kompyutayo. Makhadi atsopano a Wi-Fi 6, monga aja okhala ndi Intel AX200, amafuna Windows 10 ya 64-bit, Windows 11 kapena Linux. Pa Windows 7 sagwira. Kompyuta yakale imayenda bwino ndi khadi yosavuta ngati TP-Link TL-WN881ND, ya Wi-Fi 4.

Musanyengeke ndi manambala akuluakulu a pa katoni. Akalemba 300 kapena 1200 Mbps akunena liwiro la pakati pa khadi ndi rauta, osati la intaneti. Netiweki ya pa nsanja ikakhala yofooka, khadi yodula ndi yotchipa zimathamanga chimodzimodzi. Kugula Wi-Fi 6 pomwe gwero lanu ndi hotisipoti ya foni n'kutaya ndalama ya feteleza. Nambala yofunika kuiona ndi ya 2.4 GHz ndi 5 GHz. Mafunde a 2.4 amapita patali ndipo amaboola bwinoko khoma la njerwa, a 5 ndi achangu koma amafooka msanga. Kumudzi kuno, komwe ma Wi-Fi sanachuluke n'kumasokonezana, 2.4 imakwanira pa ntchito za mu ofesi.

Kaikidwe kake

Ngati kompyutayo ndi ya boma kapena ya bungwe, pemphani kaye chilolezo kwa a dairekitala kapena a komiti. Mabokosi ena amakhala ndi chidindo, ndipo kuchidula popanda chilolezo kukhoza kukubweretserani milandu.

Chida chofunika n'chimodzi, sikuludiraiva ya nyenyezi. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi pakhoma, kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Goneketsani bokosi pa tebulo louma.

Apa pali chinthu chimene anthu a kumapiri kuno tiyenera kusamala nacho kuposa a kuchigwa. Mu Juni ndi Julaye kumazizira, mpweya umauma, ndipo timavala majuzi. Thupi limasunga timagetsi tija timathetheka mukamavula juzi mumdima. Kwa munthu si kanthu, koma khadi ikhoza kufa nato musanaiyatse n'komwe. Vulani juzi, gwirani chitsulo cha bokosi ndi dzanja musanakhudze chilichonse m'kati, ndipo khadiyo muziigwira m'mphepete mokha. Timano take tagolide musatikhudze.

Kumbuyo kwa bokosi, moyang'anizana ndi mpata umene mwasankha, chotsani kachitsulo kotseka. Tinyanga musatimange kaye. Lozetsani timano ta khadi pa mpatawo, kaphako ka pa khadi kakumane ndi kotchinga ka mu mpata, ndipo kankhani molunjika ndi zala ziwiri mpaka golide yense abisike. Ikakana, itulutseni muyang'anenso, osalimbana nayo. Mangani sikuluwu kapena tsekani kokowera. Makhadi okhala ndi Bluetooth amabwera ndi kachingwe kopita pa timano 9 ta USB ta pa bolodi lalikulu. Mukakasiya, Wi-Fi igwira koma Bluetooth ayi. Poti bokosi ndi lotsegula kale, chotsani fumbi la pa fani ndi burashi youma. Tsekani, mangani tinyanga ndi zala mopanda kufinya kwambiri, mutiimike m'mwamba, kenako yatsani.

Pulogalamu yoyendetsa khadi

Windows 10 ndi 11 zimazindikira zokha makhadi ambiri, ndipo mumangoona chizindikiro cha Wi-Fi pansi kudzanja lamanja. Zikapanda kutero, pakufunika driver, pulogalamu imene imauza kompyuta mmene ingalankhulire ndi khadi. Vuto lake n'loseketsa: kuti mupeze driver mukufuna intaneti, kuti mupeze intaneti mukufuna driver. Ngati m'katoni muli CD ndipo kompyuta ili ndi poika CD, nkhani yatha. Ngati ayi, lumikizani foni ya Android ku kompyuta ndi chingwe chotchajira chimene chimanyamulanso mafayilo, n'kuyatsa USB tethering pa foniyo. Kompyuta ipeza intaneti nthawi yomweyo. Tengani driver pa tsamba la kampani imene inapanga khadiyo basi, ndipo musunge ina pa fulashi kuchitira tsiku limene kompyuta idzafufutidwe.

Ena afunsa kuti, ngati chingwe cha foni chikubweretsa intaneti, khadi n'njachiyani? Funso labwino. Kwa munthu mmodzi wotumiza kalata kamodzi pa sabata, chingwecho n'chokwanira, ndipo kachipangizo ka Wi-Fi kolowa pa USB nakonso n'kotchipa, kosafuna kutsegula bokosi. Koma kachipangizo ka USB kali ndi kanyanga kakang'ono, kamatentha, kamathyoka, ndipo mu ofesi yolowa anthu ambiri kamalowa m'thumba mosavuta. Khadi ya m'kati imamva patali, siichoka, ndipo imalola foni kapena rauta kukhala pomwe netiweki ili bwino, osati pomwe chingwe chalekezera.

Poika foni kapena rauta

Malo oipitsitsa a tinyanga ndi amene timakhala mwachibadwa: kumbuyo kwa bokosi lachitsulo, pansi pa tebulo, mopanikizana ndi khoma. Kwezani bokosi pa tebulo ndipo mulitalikitse pang'ono ndi khoma. Alipo makhadi amene tinyanga take tili pa kachitsiko ka chingwe, koti mungakaike pamwamba pa kabati. Foni kapena rauta ikhale pa windo loyang'ana kumene kuli nsanja, pamthunzi, chifukwa foni ya hotisipoti imatentha kale payokha. Makoma awiri a njerwa zootcha, chitseko chachitsulo kapena kabati ya mafayilo zimadya mafunde kwambiri. M'chipinda chimodzi kapena choyandikana, zonse zimayenda.

Inu a m'malire, cha ku Biri-Biri ndi midzi yoyang'anizana ndi Ntcheu, dziwani kuti foni ikhoza kulumphira pa nsanja ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi inu osadziwa. Zimitsani roaming ya intaneti pa foni ya hotisipoti, apo ayi ndalama ya m'foni idzatha kompyuta isanatsegule tsamba lachiwiri.

Mamega ndi chitetezo

Kompyuta imene yakhala zaka yopanda intaneti ikangolumikizidwa imayamba kudzikonza, ndipo ikhoza kumeza magigabaiti angapo tsiku loyamba. Pa Windows 10 ndi 11, lowani pa Wi-Fi imene mwalumikizayo mu Settings, muyatse Metered connection, kuti Windows izidziletsa. Koma musaimane mpaka kalekale. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, mugule phukusi lalikulu kapena lausiku ngati kampani yanu ili nalo, muilole imalize.

Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yosunga mayina a alimi, manambala a BI ndi a NUIT, kapena manambala a M-Pesa ndi e-Mola, si yoti izingoyendayenda pa intaneti ili pa Windows 7. Funsani katswiri ngati ingalandire Windows 11 kapena Linux Mint, imene ndi yaulere. Pa hotisipoti kapena rauta ikani WPA2 ndi pasiwedi ya zilembo zosachepera 8, yosakhala dzina la sukulu kapena chaka chino, ndipo muziisintha anthu akachuluka oidziwa.

Khadi imadya magetsi ochepa kwambiri, choncho a sola musade nkhawa ndi batire. Nthawi ya dzinja, mabingu akayamba, zulani pulagi ya kompyuta ndi ya rauta pakhoma, ndipo magetsi a EDM akathima musiye zozula mpaka atabwera n'kukhazikika.

Ikakana kugwira

Khadi ikapanda kuoneka n'komwe mu Device Manager, imene pa Windows ya Chipwitikizi ndi Gestor de Dispositivos, ndiye kuti siinakhale bwino mu mpata: zimitsani, zulani pulagi, muikenso kapena muyese mpata wina. Ikaoneka ndi kachizindikiro kachikasu, vuto ndi driver. Ikagwira koma osaona hotisipoti yanu, mwina foni ikugawa pa 5 GHz pomwe khadi imamva 2.4 yokha, ndiye sinthani pa foniyo. Ikalumikizana koma masamba osatseguka, khadi ilibe mlandu. Yang'anani mamega anu.