Nthenda ya Kukayika ndi Kubwerezabwereza

Anzanga ndi inu aphunzitsi, ndifuna kukuuzani za nthenda imene ambiri a ife sitiidziwa, chinkana kuti nthawi zina igona nafe m'nyumba imodzi. Ine ndinaiphunzira mwa njira yochititsa manyazi, ndipo sindifuna kuti inunso mudzere njira yomweyo.

Pamene ndinali mu Fomu 2, bedi langa linayandikana ndi la mnyamata wina wofatsa, wanzeru pa masamu. Iye mwini wandilola kulemba izi, koma dzina lake sinditchula. Belu la m'mawa likalira, ankatseka bokosi lake, nakoka loko kanayi, natuluka. Atafika pakhomo ankabwerera, nakokanso kanayi. Wina akamlankhulitsa ali pakati powerenga, ankayambiranso. Masiku ena ankapeza phala litatha, ndipo kawirikawiri ankalangidwa chifukwa chochedwa ku kalasi.

Ife tinkaseka. Ena anati m'bokosimo muli chithumwa, ena nati anamlodza kwao. Tsiku lina tili pa msonkhano wa m'mawa ndinamnong'oneza bodza kuti, "Iwe, bokosi lako lija silinatsekeke." Anatuluka thukuta, nanjenjemera kufikira msonkhano unatha. Usiku womwewo anandiuza kuti, "Ndidziwa bwino lomwe kuti ndatseka. Maso anga aona, koma mtima wanga ukana kukhulupirira." Mawu amenewo anandilasa. Pa tchuthi makolo ake anapita naye ku chipatala, ndipo dokotala anaitchula nthendayo dzina. Pamenepo ndipo ndinayamba kuwerenga za iyo.

Pa Chingerezi nthendayi aitcha obsessive-compulsive disorder, kapena mwachidule OCD. Ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndiyo maganizo olowa okha m'mutu, osaitanidwa, ndi okana kuchoka: kuti mwina sindinatseke, mwina manja anga ali ndi tizilombo, mwina ndidzapweteka munthu amene ndimkonda, mwina ndachitira Mulungu mwano. Mbali yachiwiri ndiyo ntchito zimene munthu achita mobwerezabwereza kuti mantha atsike, monga kusamba m'manja, kuyang'ananso, kuwerenga manambala, kuyala zinthu mofanana, kapena kunena mawu amodzimodzi chamumtima.

Tsono chinthu chachikulu chimene ndifuna kuti muchigwire ndi ichi. Ife a m'hositelo tidziwa mphere. Ukakanda umva bwino kanthawi, koma posachedwa kuyabwa kubweranso koposa kale, ndipo khungu linyuka. Nthendayi ichita chimodzimodzi. Ganizo loopsa lifika, mantha nakwera. Munthu akoka loko, mantha natsika pang'ono. Pamenepo bongo uphunzira phunziro lonama, lakuti, "Ndapulumuka chifukwa ndayang'ananso." Mawa lake ganizo lija likabwera, kanayi sikakwanira, pafunika kasanu ndi katatu. Chimene munthu ayesa mankhwala ndicho chimene chidyetsa nthenda.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga bwanji osangoleka kuganiza zimenezo?" Yesani nokha: kwa mphindi imodzi musaganize konse za mbuzi yakuda. Mudzaona kuti mbuziyo iima pamaso panu osachoka. Mu 1987 katswiri wa ku America, Daniel Wegner, anayesa anthu powauza kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo analephera. Kukankha ganizo kulibweza ndi mphamvu. Kale lomwe mu 1978, Stanley Rachman ndi Padmal de Silva anapeza kuti pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse osadwala nawonso amafikiridwa ndi maganizo achilendo otere. Kusiyana kwake ndi uku: wosadwala aseka, naiwala, wodwala aliyesa ganizolo chizindikiro cha ngozi kapena cha kuipa kwa mtima wake, nayamba kulimbana nalo.

Nthendayi si yatsopano ayi. John Bunyan, amene analemba The Pilgrim's Progress, anasimba mu 1666 za maganizo amwano amene ankamlowa mokakamiza ngakhale anali munthu wopemphera, ndipo madokotala ambiri a masiku ano ayesa kuti inali nthenda yomweyi. Samuel Johnson, amene anasonkhanitsa dikishonale yotchuka ya Chingerezi ya 1755, ankawerenga mapazi ake polowa pakhomo, ndipo akalakwa ankabwerera kukayambanso. Mu 1838 dokotala wa ku France, Esquirol, analemba za mkazi amene ankaopa kuti watenga chinthu cha mtengo cha mwini wake osadziwa, nakhala akudzifufuza kosaleka, pamene iye yemwe ankazindikira kuti mantha akewo alibe maziko. Taonani, awa sanali anthu opusa kapena oipa.

Akatswiri atiuza kuti munthu 1 kapena 2 mwa anthu 100 alionse adzadwala nthendayi pa moyo wake. Ndiko kunena kuti pa sukulu ya ana 500 pangakhale 5 kapena 10 otere. Kawirikawiri iyamba pa ubwana kapena pa unyamata, pa msinkhu wathu womwe uno, ndipo igwira anyamata ndi atsikana omwe. Gwero lake si limodzi. Iyenda m'magazi a mabanja ena. Mbali zina za bongo zimene zitichenjeza kuti kanthu kalakwika zigwira ntchito mopyola muyeso. Ndiponso mavuto monga maliro, matenda kapena mayeso angaidzutse kapena kuikulitsa. Si ufiti, si ulesi, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Komabe tisasokoneze nthenda ndi ukhondo. Kusamba m'manja ndi sopo pochokera ku chimbudzi, makamaka m'nyengo ya kolera, ndi nzeru. Kuyala bwino bedi ndi khalidwe. Waukhondo akondwera ndi ntchito yake, ndipo akatha apita kukasewera. Wodwala sakondwera; achita mokakamizidwa. Madokotala ayamba kuganiza za nthendayi pamene zinthuzi zidya nthawi yoposa ola limodzi pa tsiku, kapena zisautsa munthu ndi kuononga maphunziro ake.

Chokondweretsa ndi chakuti thandizo lilipo. Mu 1966 Victor Meyer, wa ku London, anayesa njira yatsopano: odwala ake anakumana ndi chimene ankaopa, koma analetsedwa kuchita mwambo wawo uja. Mantha anakwera, koma patapita nthawi anatsika okha. Njira imeneyi ndiyo igwiritsidwa ntchito kufikira lero, pang'onopang'ono, kuyambira pa zopepuka. Alinso mankhwala, monga fluoxetine ndi clomipramine, amene akhudza serotonin wa mu bongo. Awa aperekedwa ndi dokotala yekha, ndipo afuna kudekha, pakuti pangapite milungu 8 kufikira 12 asanaonetse mphamvu yake yonse.

Pano ndiulule cholakwa changa chachiwiri. Nditaleka kuseka, ndinayamba kumthandiza mnzanga mwa nzeru zanga. Akandifunsa kuti, "Kodi ndatseka?" ndinkayankha kuti, "Inde, watseka," mwina kakhumi pa tsiku, nthawi zina ndinkathamanga kukamuonera. Ndinkayesa chifundo, osadziwa kuti ndinali kumkandira mphere zija. Iye mwini ndiye anandiuza zimene anamphunzitsa ku chipatala, ndipo tinapangana kuti akafunsa ndiziti, "Imeneyo ndi nthenda ikufunsa, tiye ku kalasi." Masiku oyamba anali owawa. Ankayenda manja ali m'thumba, akutembenuka kawirikawiri, ndipo tsiku lina anandikwiyira. Lero atseka kamodzi, nachoka. Nthawi ya mayeso kukayika kumayesa kubwerera, koma tsopano adziwa dzina la mdani wake ndi machenjerero ake.

Chotero ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, mukaona mnzanu achita zotere, musamseke kapena kumpatsa dzina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chachiwiri, inu aphunzitsi ndi atsogoleri a m'hositelo, mwana akachedwa masiku onse kapena akafufuta ndi kulembanso mzere umodzi mpaka pepala kubooka, yambani mwamfunsa musanampatse khasu. Chachitatu, iwe amene wawerenga izi mtima ukugunda chifukwa wadzizindikira, usabise. Ganizo loipa lolowa lokha silikusandutsa munthu woipa. Uza makolo, mphunzitsi amene umkhulupirira, kapena anamwino, kuti akuperekeze ku chipatala. Mnzanga uja anataya zaka ziwiri chifukwa cha manyazi ake ndi kuseka kwathu. Wina asatayenso zake.