Galimoto ya magetsi ingakoke bwato mpaka ku Monkey Bay?

Ingakoke ndithu. Mota ya magetsi imakoka mwamphamvu ikangoyamba kuzungulira, pomwe injini ya petulo imafuna ithamange kaye. Vuto lili pa mtunda umene ingayende batire lisanathe, ndipo kuti timvetsane tiyeni tiwerengere limodzi.

Lita imodzi ya petulo imasunga mphamvu pafupifupi 9 kWh. Thanki ya malita 50 ndiye kuti yanyamula 450 kWh, koma mafuta onsewo salemera ngakhale makilogalamu 40. Batire la Nissan Leaf la 40 kWh limalemera pafupifupi makilogalamu 300, matumba asanu ndi limodzi a chimanga amenewo, chonsecho mphamvu yake siikwana ya malita asanu a petulo. Komanso petulo akamatha galimoto imapepuka, pomwe batire lodzaza ndi lakutha limalemera chimodzimodzi.

Nanga Leaf imatha bwanji kuyenda makilomita oposa 200? Siimwaza. Injini ya petulo imataya pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu yake ngati kutentha, n'chifukwa chake boneti imawotcha mukafika pa Liwonde. Mota ya magetsi imagwiritsa ntchito pafupifupi 90 pa 100. Koma amene akuyenda ndi kamba wochepa chonchi, chilichonse chowonjezera chimamupweteka.

Ophunzira anga ambiri amati chimene chimadya batire kwambiri ndi chitunda. Tiyese ndi mgh ija ya m'kalasi. Tiyerekeze kuti galimoto ya makilogalamu 1,600 ikukoka ngolo ya makilogalamu 1,000 pamsewu wokhotakhota wokwera ku Namwera, ndipo yakwera mamita 400. Ndiye 2,600 × 10 × 400, zomwe zikutipatsa majoule 10,400,000, kapena kuti 2.9 kWh. Si zambiri, eti? Ndipo potsetsereka mota imasanduka jenereta n'kubweza gawo lina m'batire, zimene ya petulo siingachite.

Wakuba weniweni ndi mpweya. Mphamvu imene mpweya umakankha nayo galimoto imakula ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo: mukachoka pa 50 km/h kufika pa 100 km/h, imakula kanayi. Bwato kapena mulu wa matumba a usipa pangolo umawonjezera malo oti mpweya ugunde, ndipo mphamvu yopita kumeneko siibwereranso. Mukamabwerera ku Mangochi mu Julayi mwera ukukuwombani kumaso, liwiro la mphepoyo muliwonjezere pa lanu. Ku America, pikapu ya Ford F-150 Lightning ataiyesa ikukoka ngolo yaikulu, mtunda wake unatsika kufika pafupifupi theka, nthawi zina kuchepera apo.

Ya petulo nayo imamwa kwambiri ikamakoka, musanamizidwe. Kungoti thanki imadzaza m'mphindi zisanu (mafutawo akapezeka, poti mizere ija tonse timaidziwa), pomwe batire pa soketi ya kunyumba limafuna usiku wonse, magetsi osathima.

Ine ndimaona chonchi: ulendo wa pa Boma kupita ku Monkey Bay, makilomita pafupifupi 65, galimoto ya magetsi yopangidwira kukoka ingautha bwinobwino ndi bwato lake. Koma wogulitsa nsomba amene akuthamangira msika wa ku Limbe chambo chisanawonongeke, ndingamuuze ayambe wadikira. Bwerezani samu ya ku Namwera ija popanda ngolo, muone kuti ngoloyo yadya ma kWh angati.